Wenela: Golide Adatsala ku Joni, Fumbi Lidabwera Kuno

Inu amene mumakwerera basi pa Wenela mu Blantyre, mudadzifunsapo kuti dzinali lidachokera kuti? Ndi mmene agogo athu ankatchulira WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi ku South Africa. Ntchito yake inali imodzi basi: kusaka amuna amphamvu oti akatsike pansi.

Golide adapezeka ku Witwatersrand mu 1886, ndipo Johannesburg, Joni wathu uja, adamera pomwepo. Koma golide wa kumeneko ali pansi kwambiri, ndipo umaswa miyala yambirimbiri kuti upeze kochepa. Kuti phindu lioneke, wokumbayo ankayenera kukhala wotchipa. Kuno atsamunda anali atakhazikitsa kale msonkho wa nyumba, pomwe malipiro a m'minda ya azungu anali ochititsa manyazi. Mnyamata ankaiona yekha njira. Ngakhale Kamuzu ali wachinyamata adagwirako ntchito ya ukalaliki pa mgodi wina kumeneko.

Oyamba aja ankafa ndi chibayo mochuluka kwambiri moti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha ngati lathu. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko.

Sindingakane, ndalamazo zinkaoneka. Wobwera ku Joni ankatsika ndi njinga, wailesi, suti, mabulangete, ena mpaka kufolera nyumba ndi malata. Mudzi wonse unkasonkhana kudzamuona. Koma ine chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti malipiro ake ankawerengedwa ngati a munthu mmodzi wopanda banja. Mkazi ndi ana sankaloledwa m'komboni. Ndiye ankalima ndani? Ankalera ana ndani? Bamboyo akabwera akutsokomola, ankamudwazika ndani? Mayi wa ku Dedza kapena ku Mzimba, yemwe Joni sadamuonepo ndi maso, ankagwirira mgodi ntchito yaulere ndi khasu lake. Ena amuna awo sadabwerenso n'komwe, mpaka tidachita kuwapezera dzina: machona.

Nalo boma linkadyapo. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kuno akamaliza kontirakiti, ndipo imeneyi inali njira yaikulu yopezera ndalama zakunja. Kunena mosapsatira, pambali pa fodya ndi tiyi, tinkagulitsanso anthu.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo adafera pomwepo. Tangoganizani, kupulumuka pansi pa nthaka miyezi yonseyo n'kudzafera panjira ya kumudzi. Kamuzu adaletsa Wenela kulembanso anthu. Olemba mbiri ena amati sichinali chisoni chokha ayi, chifukwa nthawi yomweyo maesiteti a fodya ankakula ndipo ankasowa antchito. Ine mfundo imeneyi ndimaimva, poti ambiri mwa obwererawo adakathera komweko, pa malipiro ochepa kuposa a ku mgodi.

Mu 1977 kulemba kudayambiranso, koma kwa anthu ochepa, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA. Ndi Theba uja mumamva akuluakulu akumutchula. Mu 1988 padabuka mkangano: South Africa inkafuna kuti Amalawi aziyezedwa HIV asanalembedwe, boma lathu lidakana, ndipo khomo lidatsekeka.

Chomwe chidabwera nawo m'chifuwa sichidathe ndi kontirakiti. Fumbi la miyala ya golide limakhazikika m'mapapo n'kumawaumitsa pang'onopang'ono, matenda otchedwa silicosis, ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu. Nthawi zambiri zizindikiro zimadzaoneka patapita zaka, munthu ali kale kumudzi, kutali ndi dokotala wa kampani. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a migodi adavomera kupereka chipukutamisozi cha R5 biliyoni kudzera ku Tshiamiso Trust, ndipo ochokera m'maiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, ali m'gulumo. Koma pamafunika umboni woti munthuyo adagwiradi pa mgodi wakutiwakuti, mapepala omwe m'nyumba zambiri chiswe chidadya kalekale. Komanso mgwirizanowo ukuwerenga okhawo omwe adagwira ntchito kuyambira mu March 1965. Amene adatsika pansi chaka chimenecho chisanafike mulibemo.