Damu la Kariba: Malire a Luso la Makono ndi Zotsatira Zake m'Cigwa ca Gwembe

1.0 Mau Oyamba

Damu la Kariba, limene lili pa mtsinje wa Zambezi m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo pa nthawiyo linachuka monga umboni wakuti luso la makono lingathe kugonjetsa mtsinje waukulu wa mu Africa. Khoma lake la konkire n'lalitali mamita 128, ndipo nyanja imene inabadwa kumbuyo kwake inamiza malo oposa masikweya kilomita 5,000. Colinga ca nkhani ino ndi kuonetsa kuti akatswiri amene anakonza damuli anayeza mwaluso zinthu zimene anasankha kuyeza, monga kuculuka kwa madzi, kulimba kwa khoma ndi mtengo wa magetsi, koma zinthu zimene zinatsala kunja kwa masamu awo, ndiye kuti minda ya anthu a m'cigwa, thanthwe la m'munsi mwa khoma, ndale za dziko ndiponso mvula, ndizo zimene pambuyo pake zinaika malire pa phindu la damulo. Tiyamba ndi zifukwa zimene damuli linamangidwira, kenaka tiona zimene zinagwera Atonga a ku Gwembe, ndipo pomaliza tisanthula malire a luso lenilenilo.

2.0 Cifukwa Cake Damu Linamangidwa

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt inakula mofulumira kotero kuti malasha ocokera ku migodi ya ku Wankie, amene anali kubwera pa njanji imodzi yokha, anayamba kuperewera. Zinthu zinafika pakuti makampani a migodi anali kutentha nkhuni ndi kugula magetsi ku Congo. Boma la Northern Rhodesia linafuna kuti damu limangidwe pa mtsinje wa Kafue, popeza nchitoyo ikanakhala yochipa, yofulumira ndi yapafupi ndi migodi. Koma mu 1953 panakhazikitsidwa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene likulu lake linali ku Salisbury, ndipo mu 1955 boma la Citaganyaco linasankha Kariba. Makina oyamba opangira magetsi anaikidwa kutsidya la kumwera, m'dziko la Southern Rhodesia. Pamenepa tikuona kuti ngakhale malo a damu sanasankhidwe ndi masamu okha, koma ndi mphamvu za ndale.

Mapulani a khoma anajambulidwa ndi katswiri wa ku France, André Coyne, ndipo omanga anali kampani ya ku Italy yochedwa Impresit. Mu 1956 World Bank inapereka ngongole ya madola 80 miliyoni, imene inali yaikulu kuposa ngongole iliyonse imene bankiyo inaperekapo kufikira nthawiyo. Anchito acikuda zikwizikwi, ambiri a iwo ocokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ndiwo anasenza nchito yolemetsa m'cigwa cotentha, ndipo anthu 86 anataya miyoyo yawo nchito ili m'kati.

3.0 Mtsinje Umodzi, Kaonedwe Kawiri

Kwa akatswiri, cigumula ca Zambezi cinali vuto lofunika kulithetsa. Mu 1957 mtsinje unasefukira kuposa mmene zolembedwa zawo zinali kuonetsera, ndipo mu 1958 unasefukira koposanso, n'kumiza khoma loyembekezera limene linali kuchinga malo a nchito. Zitatero, omanga anaonjezera zipata zotulutsira madzi kucoka pa 4 kufika pa 6. Atonga ambiri anatanthauzira zigumulazi monga mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Kwa wolemba mbiri, zigumulazi zikuonetsanso kuti zaka zimene madzi a Zambezi anali atayezedwa zinali zocepa poyerekeza ndi ukulu wa nchito imene inadalira ziwerengerozo.

Kwa Atonga a ku Gwembe, cigumula ca caka ndi caka cinali nkhokwe. Madzi akaphwera, anali kusiya dothi lacondo m'mbali mwa mtsinje, ndipo m'minda imeneyi, imene m'Citonga imachedwa zilili, anthu anali kubzala cimanga, ndiwo zamasamba ndi fodya m'nyengo ya cilimwe. Cotero banja lokhala ndi munda wa kumtsinje linali kukolola kawiri pa caka, pa nthaka imene sinali kuguga. Minda imeneyi inali yosiyana ndi matemwa, minda ya kumtunda imene inali kulimidwa mwa kugwetsa chire ndipo inali kudalira mvula yokha. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri, cifukwa minda ya kumtsinje inali colowa ca mbumba, ndipo akazi anali ndi minda yawoyawo yosadalira amuna awo. Akuluakulu a boma polankhula za kupatsa anthu malo ena, anali kuwerenga maekala, ngati kuti munda uliwonse ndi munda basi. Cinenero ca eni nthaka cinali ndi mau osiyanitsa zinthu zimene mapepala a boma anaziphatikiza pamodzi.

4.0 Kusamutsidwa kwa Anthu

Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kumbali zonse ziwiri za mtsinje. Cipani ca African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinatsutsa kusamutsidwaku, koma boma silinamve. Vuto lalikulu linali lakuti kumtunda kunalibe nthaka yabwino yokwanira anthu onsewo. Cifukwa ca ici, anthu pafupifupi 6,000 a Mfumu Chipepo anauzidwa kupita ku Lusitu, kumunsi kwa damu, kutali ndi kwawo. Ambiri anakana, ndipo mu Sepitembala 1958, pa mudzi wa Chisamu, apolisi anaombera amuna amene anali ndi mikondo ndi zibonga, n'kupha 8 ndi kuvulaza oposa 30. Mu Disembala caka comweco khoma linatsekedwa ndipo madzi anayamba kukwera.

Zimene zinatsatira tikuzidziwa bwino cifukwa ca Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, amene anayamba kafukufuku wawo ku Gwembe mu 1956 pansi pa Rhodes-Livingstone Institute, anthu asanasamuke, ndipo anapitiriza kwa zaka makumi angapo. M'buku lake la 1971, The Social Consequences of Resettlement, Colson anafotokoza mmene zaka zoyamba zinalili za njala, matenda ndi kusakhulupirirana. Ku Lusitu madzi akumwa anali osowa, ndipo ana ambiri anamwalira ndi kamwazi. Mafumu ndi anyakwawa anataya ulemu, popeza analephera kuteteza anthu awo ndipo ena anaoneka ngati atumiki a boma. Malende, malo opatulika amene anthu anali kupemphererapo mvula, anamira pamodzi ndi manda a makolo, ndipo m'dziko lacilendo sizinali zodziwika kuti ndani anali ndi udindo wotsogolera miyambo ya kubzala ndi kukolola. Akazi ndiwo anataya kwambiri, pakuti minda yatsopano inali kutsegulidwa ndi nkhwangwa za amuna, ndipo inayamba kuwerengedwa monga ya amunawo.

Pa nthawi yomweyi, nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America zinadzaza ndi nkhani za Operation Noah, nchito yopulumutsa nyama zakuchire pafupifupi 6,000 zimene zinatsekeredwa pa zilumba madzi akukwera. Nchitoyi inachuka kunja kuposa nkhani ya anthu osamutsidwa.

Sitinganene kuti damuli silinabweretse phindu lililonse m'cigwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 nsomba zinaculuka m'nyanja yatsopanoyo, ndipo Atonga ena anapeza ndalama zogulira ng'ombe ndi makasu a ng'ombe ndiponso zolipirira sukulu. Koma nsombazo zinacepa patapita zaka zowerengeka. Kapenta, amene anabweretsedwa kucokera ku nyanja ya Tanganyika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anafuna mabwato a injini, maukonde akuluakulu ndi nyale zamphamvu, kotero kuti malonda ake anagwera m'manja mwa anthu a cuma, ambiri a iwo ocokera kunja kwa cigwa. Magetsi nawo anadutsa pamwamba pa midzi kupita ku migodi ndi ku matauni. Ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene kampani ya ZESCO inayamba nchito yapadera ya citukuko ca Atonga a ku Gwembe, patapita zaka pafupifupi 40 cisamukire.

5.0 Malire a Luso Lenilenilo

Malire oyamba anali a ndale. Zambia italandira ufulu mu 1964, ndipo boma la Ian Smith litadzilengeza lodziimira palokha mu 1965, dziko lathu linapezeka kuti magetsi a migodi yake akucokera ku makina amene anali m'manja mwa mdani. Boma la Kenneth Kaunda linakakamizika kumanga malo opangira magetsi ku Kafue Gorge, amene anayamba kugwira nchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndi ena kutsidya la kumpoto la Kariba, amene anayamba mu 1976. Motero Kafue, amene anakanidwa mu 1955, anamangidwabe, ndipo Zambia inasenza ngongole zina.

Malire aciwiri anali a nthaka ndi miyala. Kulemera kwa madzi a m'nyanja kunautsa zivomezi, ndipo cacikulu cinacitika mu 1963, caka cimene nyanja inadzaza. Komanso madzi otuluka pa zipata 6 zija, pogwa mwamphamvu caka ndi caka, anakumba dzenje lozama mamita pafupifupi 80 m'thanthwe la m'munsi mwa khoma, mpaka panabuka mantha akuti maziko a khomalo angafooke. Mu 2017 bungwe la Zambezi River Authority, limene maiko awiriwa analikhazikitsa mu 1987, linayamba nchito yokonza dzenjelo ndi zipata, pa mtengo wa madola 294 miliyoni. Zipata zimene zinaonjezedwa kuti zipulumutse khoma ku cigumula ndizo zinabala vuto latsopanoli.

Malire acitatu, amene ndi aakulu pa onse, ndi mvula. Damu limasunga madzi, koma silipanga madzi. Pofika mu 2014 makina a kutsidya la kumpoto anali ataonjezedwa kufika pa mamegawati 1,080, ndipo kutsidya la kumwera nako anaonjezedwa, koma mtsinje wodyetsa makina onsewa unali womwewo. Cilala ca 2015 ndi ca 2019 cinabweretsa kuzimazima kwa magetsi. Mu Novembala 2022 Zambezi River Authority inalamula kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe kuti iimitse makina ake cifukwa inali itatha madzi amene inagawiridwa. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ndipo pofika mu Sepitembala caka comweco, makina amodzi okha mwa 6 a kutsidya la kumpoto ndiwo anali kuzungulira, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Zigayo, okonza zitsulo, ometa tsitsi ndi ogulitsa nyama ndi nsomba anaima nchito, ndipo mabanja a m'tauni anabwerera ku mbaula, zimene zinakweza mtengo wa makala ndi kuonjezera kudulidwa kwa mitengo. Cifukwa cakuti dziko linadalira magetsi a madzi pa mbali yaikulu ya mphamvu zake, cilala cimodzi comweco cinaumitsa cimanga m'munda ndi kuzimitsa cigayo m'tauni.

6.0 Mau Omaliza

Taona m'nkhani ino kuti Kariba anacita zimene anamangidwira: anapereka magetsi ochipa ku migodi ndi ku mafakitale a maiko awiri kwa zaka zoposa 60. Taonanso kuti kuchipa kumeneku kunatheka cifukwa mbali ina ya mtengo inalipiridwa ndi Atonga amene anataya zilili ndi malende awo, ndipo mbali ina inakankhidwira ku mibadwo yam'tsogolo, imene inalipira kukonza thanthwe ndi kupirira mdima wa zaka za cilala.

Kwa ife ofufuza ndi aphunzitsi a zinenero za mu Africa, mbiri imeneyi ili ndi nchito imene ikutipatsa. Mau a Citonga osiyanitsa mitundu ya minda anali ndi nzeru za ulimi ndi za malamulo a colowa zimene okonza mapulani anafunikira kuzidziwa asanawerenge maekala. Cinyanja naco cili ndi mau otero, monga dimba, dambo, tsala ndi mphanje, ndipo liu lililonse limanena za mtundu wa nthaka, nyengo yolimira ndi mwini wake. Kusonkhanitsa mau amenewa, kuwalemba m'madikishonale ndi kuwaphunzitsa m'masukulu kungathandize kuti pamene damu lina, mgodi wina kapena munda waukulu wa kampani ukukonzedwa, zimene eni nthaka adzataya zidzachulidwe ndi maina ake enieni nchito isanayambe.