Teledu Cymru: Mbiri ya Wailesi Yakanema ya Kumapiri a ku Wales

Pa 14 Seputembala 1962, anthu okhala kumadzulo kwa dziko la Wales adaona chizindikiro chatsopano pa makanema awo. Chidali chithunzi cha chinjoka chamapiko chimene chili pa mbendera ya dziko lawo, ndipo dzina lotsagana nacho lidali lakuti Teledu Cymru, kutanthauza Kanema wa Wales. Eni ake a wailesiyo adangoiyendetsa kwa miyezi 16 basi, kenaka idagwa ndi ngongole. Mwa makampani onse amene adapatsidwa chilolezo choulutsa m'zigawo za Britain pansi pa dzina la ITV, iyi yokha ndiyo idalephera chifukwa cha kusowa ndalama. Mbiri yake ndi yoyenera kuikumbukira, pakuti amene adaiyambitsa adali anthu odera nkhawa chilankhulo cha makolo awo, ndipo zimene zidawagwetsa zikhoza kugwetsa aliyense wofuna kusunga chikhalidwe pogwiritsa ntchito zida zamakono.

Dziko ndi chilankhulo chake

Wales ndi dziko laling'ono la mapiri kumadzulo kwa England. Kummwera kwake, kumene kuli mizinda ya Cardiff ndi Swansea, ndiko kudali migodi ya malasha, mafakitale ndi anthu ochuluka. Kumadzulo ndi kumpoto kudali alimi a nkhosa ndi ng'ombe zamkaka, asodzi, ndi anthu osema miyala yofolerera nyumba. M'madera akumidzi amenewa ndimo Chiwelsh chidali chilankhulo cha pakhomo, cha kutchalitchi ndi cha kumsika.

Chiwelsh ndi chilankhulo chakale kwambiri, chosiyaniratu ndi Chingerezi, koma chidakhala chikupanikizidwa kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1800, m'sukulu zina mwana wogwidwa akulankhula Chiwelsh ankamukoleka m'khosi kathabwa kolembedwa zilembo W.N., ndipo amene watsala nako pomaliza ankalangidwa. Kalembera wa 1901 adapeza kuti theka la anthu a ku Wales ankalankhula Chiwelsh. Pofika 1961 adali atatsala anthu 26 okha mwa 100 alionse, pafupifupi 656,000.

Pamene chiwerengerochi chinkatsika, kanema adali akulowa m'nyumba. ITV, imene inkapeza ndalama zake potsatsa malonda, idayamba ku London mu 1955. Kampani ya Granada ya ku Manchester idayamba mu 1956 ndipo mafunde ake ankafika kumpoto chakummawa kwa Wales. Kampani ya TWW idayamba mu Januwale 1958, kutumikira kummwera kwa Wales pamodzi ndi kumadzulo kwa England. Makampani awiriwa, komanso BBC, ankakonza mapulogalamu angapo a Chiwelsh, monga Dewch i Mewn ya Granada, koma kawirikawiri ankawaulutsa pa nthawi zimene anthu ambiri sadali kuonera. Madzulo, banja likakhala pamodzi, m'chipinda chochezera munkamveka Chingerezi. Makolo adaona kuti mlendo amene adamulandira m'nyumba akulera ana awo m'chilankhulo china.

Mu Febuluwale 1962 mlembi wotchuka Saunders Lewis adalankhula pa wailesi ya BBC ndi kuchenjeza kuti Chiwelsh chidzatha ngati anthu sachitapo kanthu. Chaka chomwecho achinyamata adakhazikitsa bungwe lomenyera ufulu wa chilankhulo la Cymdeithas yr Iaith Gymraeg. Teledu Cymru idabadwa m'nyengo ya nkhawa imeneyi.

Amene adaiyambitsa

Bungwe loyang'anira ITV, lotchedwa Independent Television Authority, lidagawa Britain m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chinkaperekedwa kwa kampani yake. Kumadzulo ndi kumpoto kwa Wales kudali chigawo chomaliza kuperekedwa. Mu 1961 chilolezo chidapita kwa kampani ya Wales (West and North) Television, imene pa kanema inkadziwika kuti Teledu Cymru.

Atsogoleri ake ambiri adali anthu a maphunziro ndi a zachikhalidwe. Wapampando adali Dr Haydn Williams, mkulu wa zamaphunziro m'boma la Flintshire, amene adatsogolera kutsegulidwa kwa Ysgol Glan Clwyd mu 1956, sekondale yoyamba yophunzitsa m'Chiwelsh. Mmodzi mwa akuluakulu a bodi adali Gwynfor Evans, mtsogoleri wa chipani cha Plaid Cymru. Woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku adali Nathan Hughes. Anthuwa ankaona kanema ngati sukulu ina yolowa m'nyumba iliyonse, ndipo cholinga chawo chidali chakuti Chiwelsh chimveke pa nthawi yabwino yamadzulo. Luso loyendetsa bizinesi ya kanema ndilo lidali lochepa pakati pawo.

Momwe wailesiyo inkayendera

Kuti timvetse chimene chidachitika, tiyenera kudziwa momwe kampani ya chigawo inkapezera ndalama. Boma silinkaipatsa kanthu, ndipo owonera sankailipira. Ndalama zonse zinkachokera kwa amalonda ogula mphindi zotsatsira katundu wawo, ndipo mtengo wa mphindizo unkatengera kuchuluka kwa nyumba zimene zikuonera. Pa ndalamazo kampani inkalipira lendi ya milongoti youlutsira mafunde, imene mwini wake adali bungwe loyang'anira lija. Inkagulanso mapulogalamu otchuka kwa makampani anayi aakulu a Granada, ABC, ATV ndi Associated-Rediffusion, nkuwonjezerapo nkhani ndi mapulogalamu ena a m'dera lake. Kukonza pulogalamu yako wekha kudali kodula kwambiri poyerekeza ndi kugula yokonzedwa kale, motero kampani yaing'ono inkapulumuka pokonza zochepa ndi kugula zambiri.

Teledu Cymru idayenda njira yosiyana. Idapempha mwayi wotumikira Chiwelsh, ndipo boma, kudzera mwa nduna yoona za mapositi imene inkayang'aniranso zoulutsa mawu, lidaiikira lamulo lakuti izikonza yokha maola pafupifupi 10 pa sabata a mapulogalamu a Chiwelsh ndi okhudza Wales. Akulu adati walira mvula walira matope. Katundu ameneyu adali woyenera kampani yaikulu kuposa iyi.

Situdiyo yake idamangidwa mumsewu wa Western Avenue mumzinda wa Cardiff, likulu la dziko, kumene kudali kosavuta kupeza akatswiri ndi zipangizo. Koma Cardiff idali m'chigawo cha TWW. Motero wailesi ya alimi a kumapiri idali ndi nyumba yake kunja kwa dera limene inkatumikira, ndipo anthu oyandikana ndi situdiyoyo sadali m'gulu la owonera ake.

Mapiri nawo adali ndi mawu. Mafunde a kanema sakhota kuzungulira phiri, choncho chigawochi chidafunika milongoti itatu. Pa tsiku lotsegulira, wa ku Preseli wokha, kummwera chakumadzulo, ndiwo udali wokonzeka. Wa ku Arfon, kumpoto chakumadzulo, udayamba mu Novembala 1962, ndipo wa ku Moel-y-Parc, kumpoto chakummawa, udayamba mu Januwale 1963. Kwa miyezi inayi yoyambirira kampani inkalipira antchito ndi kukonza mapulogalamu a chigawo chonse, pamene ndalama za malonda zinkachokera ku gawo chabe la chigawocho.

Ngakhale milongoti itatha, owonera sadabwere monga momwe eni ake adayembekezera. Kumpoto chakummawa, kumene kudali anthu ambiri, mabanja adali atagula kale maeriyo oloza ku mlongoti wa Granada ndi ABC ku England. Kuti aone Teledu Cymru adafunika kugula eriyo ina, chonsecho mapulogalamu otchuka adali omwewo pa mawailesi onse awiri. Ambiri sadaone chifukwa chowonongera ndalama. Kummwera chakumadzulo nako ena adali atazolowera kale TWW. Amalonda a ku London, powerenga nyumba, adaona kuti anthu omwewo angathe kuwafikira kudzera ku makampani aakulu. Otsala amene ankadalira Teledu Cymru yokha adali anthu akumidzi, obalalika m'zigwa, amene amalonda sankawawerengera kwambiri.

Kugwa kwake

Ngongole zidakula msanga. Makampani ena a ITV adayesa kuthandiza poipatsa mapulogalamu popanda kulipiritsa, koma sizidakwanire. M'nyengo yomweyo Granada idaleka kukonza mapulogalamu a Chiwelsh, kotero chitsime china chidauma. Mu Meyi 1963, patangopita miyezi 8, Teledu Cymru idasiya kukonza mapulogalamu akeake ndipo antchito ambiri adachotsedwa. Idapitiriza kuulutsa zokonzedwa ndi ena mpaka Januwale 1964, pamene TWW idaitenga. Nyumba ya situdiyo ija pambuyo pake idakhala maofesi a WJEC, bungwe loyendetsa mayeso ku Wales.

Dzina lakuti Teledu Cymru silidafe nthawi yomweyo. TWW, imene idali ndi phindu lochokera kumizinda ya kummwera ndi ku Bristol, idalisunga. Mu 1964 idayambitsa pulogalamu ya nkhani m'Chiwelsh yotchedwa Y Dydd, ndipo mu 1965 mlongoti wa ku St Hilary utapatsidwa tchanelo china, mapulogalamu a Teledu Cymru adafika kummwera, nkukhala a dziko lonse la Wales. Chimene eni ake oyamba adalephera, kampani yokhala ndi thumba lalikulu idachikwanitsa. TWW nayo idalandidwa chilolezo, ndipo mu 1968 malo ake adatengedwa ndi Harlech, imene idadzatchedwa HTV.

Chimene chidamera pambuyo pake

Kugwa kwa Teledu Cymru kudasonyeza poyera kuti ndalama za malonda zokha sizingasenze kanema wa chilankhulo cha anthu ochepa. M'zaka zotsatira mapulogalamu a Chiwelsh adakhala omwazikana pa BBC ndi HTV, ndipo dongosololi silidakondweretse aliyense. Olankhula Chiwelsh ankadandaula kuti ndi ochepa komanso oikidwa pa nthawi zoipa. Olankhula Chingerezi chokha ankadandaula kuti akuwalanda mapulogalamu amene amakonda. Mbali zonse zidayamba kuona kuti yankho ndi tchanelo chapadera.

Mamembala a Cymdeithas yr Iaith Gymraeg adakana kulipira laisensi ya kanema, ena adakwera milongoti, ndipo angapo adalowa m'ndende. Mu 1974 komiti ya boma ya Crawford idalimbikitsa kuti tchanelo chachinayi ku Wales chiperekedwe ku Chiwelsh. Pa chisankho cha 1979 chipani cha Conservative chidalonjeza zomwezo, koma mu Seputembala chaka chomwecho nduna William Whitelaw adalengeza kuti boma lasintha maganizo. Mwezi wotsatira anthu atatu ophunzira ndi olemekezeka, Meredydd Evans, Ned Thomas ndi Pennar Davies, adalowa pa mlongoti wa ku Pencarreg nkuuzimitsa.

Apa Gwynfor Evans, yemwe uja adali mu bodi ya kampani yogwa ija, adabwereranso. Mu Meyi 1980, ali ndi zaka 67, adalengeza kuti kuyambira mu Okutobala adzasala kudya mpaka imfa ngati boma silisunga lonjezo lake. Boma la Margaret Thatcher lidagonja mu Seputembala 1980, kusala kuja kusadayambe. Pa 1 Novembala 1982 wailesi ya S4C, kapena kuti Sianel Pedwar Cymru, idayamba kuulutsa.

S4C idamangidwa mopewa mbuna zimene Teledu Cymru idagweramo. Ndalama zake zambiri sizidachokere kwa amalonda a m'dera lake, koma ku thumba lokhazikitsidwa ndi lamulo. Siidadzisenzetse ntchito yokonza mapulogalamu: inkawalandira kuchokera ku BBC, imene lamulo lidailamula kupereka maola 10 pa sabata, ku HTV, ndi ku timakampani ting'onoting'ono, timene tambiri tidamera ku Caernarfon, pakati pa olankhula Chiwelsh. Sewero la Pobol y Cwm, limene lidayamba pa BBC mu 1974, lidasamukira kumeneko, ndipo ana adapeza katuni ya SuperTed m'chilankhulo chawo. Kuyambira 2010 S4C imaulutsa m'Chiwelsh chokha, ndipo mu 2018 likulu lake lidasamukira ku Carmarthen, kumadzulo komwe kuja Teledu Cymru idayambira kuoneka.

Nkhondo ya chilankhulo siidathe. Kalembera wa 2021 adapeza olankhula Chiwelsh pafupifupi 538,000, osakwana 18 mwa 100 alionse, ndipo ana a lero amathera nthawi yambiri pa foni ndi pa intaneti kuposa pa kanema wa m'chipinda chochezera. Wailesi yokha siingasunge chilankhulo ngati makolo asiya kuchilankhula pakhomo.

Kwa ife amene timadziwa kuti mwana amatola mawu kumene maso ake akhala, mbiri imeneyi ili ndi zotiuza ziwiri. Choyamba, chikondi cha pa chikhalidwe chiyenera kuyenda pamodzi ndi masamu: kudziwa kuti owonera ndi angati, mafunde afika pati, ndipo adzalipira ndani mwezi wamawa. Dr Williams ndi anzake adali ndi mtima wabwino, koma adayamba ndi mlongoti umodzi mwa itatu. Chachiwiri, kulephera koyamba si mathero a nkhani. Gwynfor Evans adaona kampani yake ikugwa mu 1964, nadikira zaka 18 kuti aone S4C ikutsegulidwa. Pagule fumbi ndiwe mwini, ndipo anthu a ku Wales adapeza tchanelo chawo chifukwa eni chilankhulo sadasiye kuchimenyera okha.