Mmene ana amayesedwera m'sukulu za pulayimale ku Malawi

Mwana wa pulayimale ku Malawi amayesedwa ndi aphunzitsi ake chaka ndi chaka, koma mayeso a boma amalemba akafika Sitandade 8 basi.

Chaka cha sukulu chili ndi matemu atatu, ndipo temu iliyonse imatha ndi mayeso. Aphunzitsi amachonga, kuwonkhetsa malikisi, n'kundandalika ana kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Tsiku lotsekera, m'sukulu zambiri maina amaitanidwa pabwalo anzawo akuomba m'manja. Mwana akafika kunyumba ndi lipoti, funso la makolo limakhala lomweli: "Wakhala nambala chani?" Amene sanakhoze pakutha pa chaka amabwereza kalasi.

Mu 2007 boma linayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro yotchedwa PCAR, yomwe inakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Ndondomekoyi imafuna kuti mphunzitsi asamadikire kutha kwa temu, koma aziona tsiku ndi tsiku zomwe mwana watola ndi zomwe zamuvuta. Mu Sitandade 1, mphunzitsi amaitana mwana payekha, kumulozera maphatikizo ngati "ma, me, mi" kuti awerenge, kapena kumupatsa zitsekerero za mabotolo kuti aphatikize zitatu ndi zinayi, kenako n'kulemba m'kaundula mmene wachitira. Njirayi ndi yabwino kwambiri, chifukwa mwana amene lilemba lina likumusokoneza amadziwika msanga, asanazolowere kungotsatira pakamwa pa anzake. Koma chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi anadzaza, moti mphunzitsi mmodzi amatha kukhala ndi ana oposa 100. Kumva aliyense akuwerenga kumadya masiku.

Mayeso a Sitandade 8, a PSLCE, amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Ana amalemba Chingerezi, Chichewa, masamu, sayansi, phunziro la chikhalidwe cha anthu ndi zachipembedzo, komanso la zaluso ndi maluso a moyo. Kupatula pepala la Chichewa, mafunso onse amakhala m'Chingerezi, ndiye mwana wodziwa nkhani koma wofooka pa chilankhulochi amaluza malikisi ake.

Kukhoza PSLCE n'kwina, kusankhidwa n'kwinanso. Malo ku Fomu 1 ndi ochepa poyerekeza ndi ana okhoza, ndipo malikisi ndiwo amagamula amene apite kusekondale yogonera konko, amene apite kusekondale yoyendera ya CDSS ya kufupi ndi kwawo, ndi amene atsale. N'chifukwa chake a Sitandade 8 amalawirira m'mamawa, kuweruka mochedwa, ndi kulemba mayeso oyeserera a m'zoni asanakumane ndi a MANEB. Ena amene akhoza koma osasankhidwa amabwereza dala kalasiyo.

Zonse zomwe aphunzitsi analemba za mwanayo kwa zaka zisanu ndi zitatu sizilowa pa kusankhako. Zimene zimawerengedwa ndi zomwe walemba m'masiku ochepa a mayesowo.