Maukwati a amuna okhaokha: Mpingo wa Katolika ukuti chiyani, nanga malamulo akuti bwanji?

Sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp la achinyamata a pa boma pano panavuta. Wina anaponya uthenga woti makhoti atsala pang'ono kulola amuna kumakwatirana okhaokha ku Malawi kuno. Eee, anthu anayaka moto! Ena mavesi a m'Baibulo, ena a m'Qur'an, ena kungotukwana basi. Koma nditafunsa kuti, "Lamulo lake ndi liti lomwe akufuna kusinthalo?" gulu lonse linangoti zii.

Ndiye ndati ndiike pamodzi zomwe zikudziwika pa nkhaniyi, kuti tikamakangana tizikangana tikudziwa chomwe tikukanganirana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, pali nkhani ziwiri

Ambirife timaziphatikiza, koma n'zosiyana. Yoyamba: kodi boma lizivomereza ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha? Yachiwiri: kodi anthu akuluakulu awiri akagonana mogwirizana, azimangidwa? Ina ndi ya ukwati, ina ndi ya ndende. Mukagwira pamenepa, zotsatirazi simuvutika nazo.

Malamulo a ukwati

Apa palibe chobisika. Lamulo la maukwati lomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2015 limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo limatengera mmene munthuyo anabadwira. Kaya ukwati wa kutchalitchi, wa kumzikiti, wa kwa DC kapena wa ankhoswe kumudzi, boma silizindikira wa amuna awiri kapena akazi awiri.

Malamulo a milandu

Awa ali m'buku la Penal Code, lomwe tinatengera kwa atsamunda a ku Britain. Gawo 153 limapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa wogonana m'njira yomwe lamulolo limati ndi yosemphana ndi chilengedwe. Gawo 154 ndi la woyesera kutero, zaka 7. Gawo 156 ndi la zonyansa pakati pa amuna, zaka 5. Mu 2010 aphungu anaonjezera gawo 137A lokhudza akazi, nalonso zaka 5.

Akuluakulu athu amakumbukira za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe anachita chinkhoswe ku Blantyre mu December 2009. Mu May 2010 khoti linawalamula kukakhala kundende zaka 14, koma patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, atabwera m'dziko muno. Mu 2012, nthawi ya Joyce Banda, nduna ya zamalamulo Ralph Kasambara inalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milandu imeneyi, ndipo mu 2015 nduna ina, Samuel Tembenu, inabwerezanso zomwezo. Koma mawu a nduna safufuta lamulo. Magawo aja anakhalabe m'buku.

Mlandu wa kwathu konkuno

Ambiri sadziwa kuti mbali imodzi ya mlandu waukulu pa nkhaniyi inayambira ku Mangochi. Mu December 2021 khoti la majisitireti pa boma pano linagamula Jana Gonani, yemwe anabadwa mwamuna koma amadzizindikira ngati mkazi, kuti akakhale kundende zaka 8. Gonani anakadandaula kuti malamulo omwe anamumangira akutsutsana ndi malamulo akulu oyendetsera dziko, omwe amateteza ulemu wa munthu, chinsinsi chake komanso kuletsa tsankho. Dandaulo lake analiphatikiza ndi la mzika ya dziko la Netherlands, Jan Willem Akster, yemwe ankayankha milandu yogwirira anthu ku Blantyre.

Pa 28 June 2024 majaji atatu, Joseph Chigona, Vikochi Chima ndi Chimbizgani Kacheche, anakana dandaulolo. Anati magawo aja akhalebe, ndipo amene sakukondwa nawo apite ku Nyumba ya Malamulo, poti kumeneko ndi komwe malamulo amasinthidwira. Onani bwino apa: majajiwo sanafunsidwe za ukwati. Anafunsidwa za ndende.

Mpingo wa Katolika ukuti chiyani?

Pa za ukwati, Mpingo sunasunthepo. Umaphunzitsa kuti ukwati ndi sakramenti la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, losatha mpaka imfa, lotsegukira kubereka ana. Mu 2003 likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsa chikalata chouza andale a Chikatolika kuti azikana malamulo ovomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha.

Kuno kwathu maepiskopi sanangolankhula paguwa pokha. Pa 13 July 2023, mlandu wa Gonani ndi Akster uli mkati, bungwe lawo linatsogolera zionetsero m'mizinda ndi m'maboma angapo, pamodzi ndi mipingo ina komanso Asilamu. Ku Blantyre anatsogolera ndi Ambuye Thomas Luke Msusa, mwana wa kuno ku Mangochi yemwe anabadwira m'banja la Chisilamu. Kwa ife okhala m'mbali mwa nyanja, komwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana, kuona shehe ndi wansembe akuguba limodzi sichinali chodabwitsa kwenikweni. Pa nkhani iyi amayankhula chimodzi.

Mfundo ya oguba inali yoti magawo aja akachotsedwa, ndiye kuti chitseko chatseguka, mawa lake anthu adzafuna ukwati. Ankatinso maiko otithandiza asamatikakamize zachilendo pogwiritsa ntchito ndalama zawo.

Mu December 2023 Vatican inatulutsa chikalata china, Fiducia Supplicans, cholola ansembe kudalitsa anthu omwe ali pa ubale wotere, koma mosafanana ndi mwambo wa ukwati. Tsiku lotsatira maepiskopi a ku Malawi anati madalitso amenewo saloledwa kuno. Ambuye Martin Mtumbuka a Dayosizi ya Karonga anachikana poyera pa ulaliki wawo wa nyengo ya Khirisimasi, ndipo mu January 2024 bungwe la maepiskopi a mu Africa nalonso linati silidzapereka madalitsowo.

Koma pali mbali ina yomwe sitiimva kawirikawiri

Katekisimu wa Mpingo womwewu, kuyambira ndime 2357 mpaka 2359, amati mchitidwewo ndi tchimo, inde, koma anthu ake alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo asamasalidwe mopanda chilungamo. Mu January 2023 malemu Papa Francis anauza atolankhani a Associated Press kuti kukhala munthu wokopeka ndi mwamuna kapena mkazi mnzako si mlandu, ndipo malamulo omanga anthu otere ndi osalungama. Sanasinthe chiphunzitso cha ukwati ayi. Anangosiyanitsa tchimo ndi mlandu.

Ndiye Mkatolika akhoza kukana ukwati wa amuna okhaokha ndi mtima wonse, n'kumafunsabe ngati zaka 14 ku Chichiri kapena ku Zomba ndilo yankho lake. Ndi machimo angati omwe timaulula kwa bambo mfumu koma boma silitimangira?

Mabungwe ngati CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance amaonjezera mfundo ina: amati malamulowa amachititsa anthu kuopa kupita kuchipatala kukayezetsa HIV, kapena kukadandaula kupolisi akamenyedwa.

Anzathu oyandikana nawo

Mukadutsa pa Chiponde kulowa Mandimba, muli m'dziko lomwe linachotsa milandu yotere mu 2015. Koma mpaka lero Mozambique silivomereza maukwati a amuna okhaokha. Botswana nayo inachotsa kudzera kukhoti mu 2019, ukwati osaloleza. South Africa, komwe abale athu ambiri a kuno amapita kukasaka, ndi yokhayo mu Africa yomwe inaloleza maukwatiwa, mu 2006. Uganda inapita mbali ina, inakhwimitsa zilango mu 2023. Choncho njira si ziwiri zokha ngati mmene timazimvera pa Facebook.

Tsono zili pati?

Ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha ndi wosaloledwa ku Malawi, ndipo mlandu uja sunali wofuna kuuloleza. Magawo a ndende akadalipo. Khoti linaponyera mpira kwa aphungu, omwe timawasankha ndi ife tomwe.

Ine sindikuuzani mbali yoti muime. Koma phungu wanu akabwera pamsonkhano n'kunena kuti "ine ndimakana za mathanyula", m'funseni kuti akukana chiti, ukwati kapena kuchotsa ndende? Ndipo chilichonse chomwe mumakhulupirira, dziwani kuti kumenya munthu, kumuotchera nyumba kapena kumwaza zithunzi zake pa WhatsApp kuti anthu amusake, palibe lamulo la dziko kapena Katekisimu amene amakulolani. Munthu amene mukumukambayo mwina mumakwera naye kabaza tsiku ndi tsiku. Mwinanso ndi m'bale wanu.