Mawanga a Nyama ndi Mbiri ya Uzimba ku Neno

Uzimba, kusaka kwa mudzi wonse pamodzi, unali mwambo wa m'chilimwe m'dera limene lero ndi boma la Neno. Dzikoli lili pawiri. Kumadzulo, kumalire ndi Mozambique, kuli mapiri ozizira a Kirk ndi nkhalango za mombo ndi tsamba. Kum'mawa nthaka imatsetsereka mpaka ku Shire, kotentha, kwa mitengo ya tsanya ndi milambe. Pakati pake pamadutsa mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi, ya zitsamba zowirira m'mbali mwake. Malo aliwonse anali ndi nyama zake, ndipo chikopa cha nyama chinkamuuza mlenje kumene imakhala ndi mmene angaiphere.

Mbawala, ngoma, boo ndi ntchefu ndi nyama zachibale, zonse za nyanga zopotana, koma maonekedwe ake amasiyana malinga ndi kumene iliyonse imagona. Mbawala, ya m'zitsamba za kumtsinje, ndi yofiirira, ya mawanga oyera m'ntchafu ndi zigamba zoyera pakhosi. Yamphongo imanka ikuda ikamakalamba. Ngoma, yokonda zitunda za miyala, ndi yotuwa, ya mizere yoyera yopyapyala kuyambira 6 mpaka 10 yotsika kuchokera pamsana. Boo, amene kwawo ndi kumunsi kwa Shire osati ku Neno, amaonetsa kusiyana kwakukulu: wamkazi ndi wofiira wa mizere yowala, wamphongo ndi wakuda motuwira wa ubweya wolendewera, moti wosadziwa angayese mitundu iwiri. Ntchefu, yaikulu kuposa zonse ndiponso yoyenda poyera, inangotsala ndi timizere tosaoneka bwino.

Mizere ndi mawanga zimagwira ntchito nyama ikaima chilili. Dzuwa likamalowa m'masamba limagwera pansi timadontho ndi timikwasa, ndipo thupi la mbawala limasungunukira momwemo, osaonekanso poyambira ndi pothera. N'chifukwa chake nyamazi zikamva mgugu sizifulumira kuthawa: zimangoti zii, makutu okha tcheru. Kufiirako nakonso kuli ndi chinsinsi. Maso a kambuku ndi mkango salekanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira monga amachitira maso a munthu, choncho chikopa chimene mlenje amachiona ngati chofiira, kwa kambuku chimangofanana ndi tsamba.

Nyama yobisala chotero munthu mmodzi sakanaipeza kawirikawiri, ndipo apa ndi pamene panagona nzeru ya uzimba. Anthu ankadikira udzu uume. Mwini dziko akaloleza, amuna ankagona padera ndi akazi awo usiku woti mawa lake akasaka, poopa ngozi kutchire. M'mawa ankazinga tchire ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga, ena atatchera maukonde m'mikwaso, kenaka n'kuyatsa moto. Pa lupsa lakuda mawanga analibenso ntchito: mbawala yofiira ija inkaonekera patali, gwape wotuwa ankadzuka pamene anabisala n'kugwera m'kamwa mwa agalu. Nyama inkakhala ya amene wayamba kuilasa, ngakhale aitsirize ndi wina, ndipo mwendo unkapita kwa mwini dziko. Milandu ya kulimbirana nyama inkaweruzidwa poyang'ana muvi.

Nyama za poyera zinatenga njira ina. Mphalapala yamphongo ndi yakuda bii, mimba ndi nkhope zoyera mbee, yosabisika n'komwe. Imadalira gulu, maso ndi nyanga zake zopindikira kumbuyo, zimene ngakhale mkango umazisamala. Kudako ndi chizindikiro kwa amphongo anzake ndi kwa zazikazi. Nakodzwe ali ndi mkombero woyera kumatako, nswala ili ndi mizere yakuda kumbuyo ndi pamchira, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti zizindikirozi zimathandiza zinzake kutsatira gulu likamathawa. Umboni wabwino uli pa mwana wa mphalapala. Amabadwa wotuwira ngati udzu wouma, make n'kumubisa masabata angapo, ndipo amayamba kuda pokhapokha akakula moti angathe kudziteteza. Boo wamng'ono wamphongo nayenso amavala mtundu wa make mpaka atakhwima.

Nkhaniyi inautsa mkangano pakati pa azungu. Mmisiri wojambula wa ku America, Abbott Thayer, anaphunzitsa kuti msana wakuda ndi mimba yoyera zimafafaniza mthunzi wa thupi, ndipo buku la maganizo ake la 1909 linafika ponena kuti pafupifupi mtundu uliwonse wa nyama ndi wobisalira. Mlenje Frederick Selous anali atalemba kale mu 1908 kuti mkango umasaka usiku ndiponso motsata fungo, ndipo Theodore Roosevelt, atabwerako kokasaka ku Africa, anamutsutsa Thayer poyera. Aliyense anagwira mbali imodzi. Alenje a m'mphepete mwa Lisungwi, amene ankatenthera tchire mbawala koma n'kuzembera mphalapala mokwawa, anali atalekanitsa kale magulu awiriwa m'kachitidwe kawo.

Mfuti ndi zimene zinasintha zinthu. David Livingstone ndi John Kirk, amene mapiri aja anatchedwa dzina lake, anadutsa m'mathithi a Shire mu 1859, ndipo patapita zaka doko la Matope linakhala pokwezera katundu wopita kunyanja. Njira zamalonda zinachulukitsa mfuti za gogodela, kenaka mfuti za azungu zolasa patali. Nyama yoima poyera n'kumayang'ana mdani, monga imachitira mphalapala, inasanduka chandamale chapafupi. Boma la atsamunda linayamba kupatula nkhalango za nyama mu 1897, ndipo malamulo ake a ulenje ankakomera okhoza kugula chiphaso, pamene mbuna, maukonde ndi misampha ya anthu akumudzi zinkaonedwa ngati nkhanza. Lengwe inapatulidwa mu 1928 makamaka pofuna kuteteza boo, ndipo Majete, kumwera kwa Neno kumene Wamkulumadzi amakathira mu Shire, inatsatira mu 1955.

Kupatulako sikunaletse nyama kutha. Zoonekera patali ndi zoyenda m'magulu ndi zimene zinayamba kusowa, pamene gwape, mbawala ndi chinkhoma wa m'matanthwe, wa ubweya wamathothomathotho ngati mwala, anapirira ngakhale pafupi ndi minda. Mtundu wa chikopa sunali chifukwa chokha: nyama yaikulu imafuna dziko lalikulu ndipo imaswana pang'onopang'ono. Komanso khwekhwe wa waya sayang'ana mawanga, ndipo uvuni wa makala, amene matumba ake amandandalikidwa pa Zalewa, umadya chitsamba chenicheni chimene mizere ija inkadalira.

Mu 2003, chaka chimene Neno inapatukana ndi Mwanza n'kukhala boma palokha, bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira Majete, ndipo mphalapala, ntchefu, nakodzwe ndi nswala zinachita kubwera pa magalimoto kuchokera kunkhalango zina. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chiphaso, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende.