Makina owerengera mabuku ndi buku la pepala: zoyenera kudziwa musanagule

Makina owerengera mabuku, omwe pa Chingerezi amatchedwa e-reader, ndi kachipangizo kopyapyala, kakukula ngati kope laling'ono, kosungiramo ndi kuwerengerapo mabuku. Amasiyana ndi foni chifukwa cha sikirini yake ya E Ink, yomwe imaoneka ngati pepala losindikizidwa. Kampani ya Sony inatulutsa oyamba a mtunduwu ku Japan mu 2004, ndipo Amazon inatulutsa Kindle mu 2007. Ena odziwika ndi Kobo ndi PocketBook.

Ubwino wake

Sikirini ya E Ink imadya moto kwambiri pokhapokha munthu akamatembenuza tsamba. N'chifukwa chake batire imatha milungu ingapo isanafune kutchajidwanso. Zimenezi n'zofunika m'chigawo cha Tete, kumene midzi yambiri ilibe magetsi ngakhale kuti damu la Cahora Bassa, lopanga mamegawati 2,075, lili konkuno ku Songo.

Makina amodzi amasunga mabuku masauzande, ndipo chiswe sichiwadya. Zilembo zimaoneka bwino ngakhale padzuwa, ndipo amene maso ayamba kuvuta angathe kuzikulitsa. Mabuku akale ambiri amapezekanso mwaulere. Project Gutenberg, yomwe inayamba mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000, kuphatikizapo a Chipwitikizi olembedwa ndi Luís de Camões, Eça de Queirós ndi Machado de Assis.

Buku la pamakina silivuta kukonza likalakwika. Mu 2022 buku la Ciências Sociais la kalasi 6 linapezeka ndi zolakwa zikuluzikulu litafika kale m'masukulu, ndipo Unduna wa Zamaphunziro unalichotsa. Buku la pepala likatero, pamafunika kusindikiza ndi kutumiza lina.

Zovuta zake

Vuto loyamba ndi mtengo. Kindle yotsika mtengo imagulidwa madola oposa 100, omwe ndi ndalama zoposa 6,000 meticais, osawerengera zotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko. Mabuku atsopano amagulidwa paokha, ndipo Amazon imafuna khadi la kubanki. Silandira M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, zomwe anthu ambiri amalipirira zinthu.

Lachiwiri ndi kutentha. Amazon imalangiza kuti Kindle izigwiritsidwa ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, pomwe mumzinda wa Tete kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Kutentha kotere kumafooketsa batire, choncho makinawa si owasiya padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Sikirini ikasweka, mabuku onse amatsekeka nthawi imodzi mpaka itasinthidwa. Buku la pepala likang'ambika limamatidwa.

Lachitatu ndi kubwereketsana. Mabuku ambiri ogulidwa pa intaneti amamangiriridwa ku akaunti ya wogula, moti sangagulitsidwe pamsika kapena kusiyiridwa mng'ono. Pakhomo pa ana anayi, makina amodzi amawerengedwa ndi mwana mmodzi pa nthawi imodzi.

Nkhani ya chilankhulo

Chinyanja chinalowa m'kalasi ku Tete kudzera m'pulojekiti yoyesera ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, yomwe inkaphunzitsanso m'Chichangana ku Gaza. Koma m'masitolo a pa intaneti mabuku ambiri ndi a Chingerezi ndi Chipwitikizi, ndipo a Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena ndi ochepa zedi. Omwe alipo amapezeka kwambiri pafoni. Buku Lopatulika lili pa YouVersion, ndipo African Storybook ili ndi tinkhani ta ana m'Chinyanja. Tinkhanito tili ndi zithunzi zamitundu, pomwe makina ambiri a E Ink amaonetsa zakuda ndi zoyera zokha.

Zomwe ofufuza anapeza

Mu 2018, Pablo Delgado ndi anzake a pa yunivesite ya Valencia ku Spain anaphatikiza zofufuza 54 zokhudza anthu oposa 170,000. Anapeza kuti anthu amamvetsa bwinoko nkhani zophunzitsa akaziwerenga papepala, makamaka nthawi ikakhala yochepa. Pa nkhani zopeka sanaone kusiyana kwenikweni. Zofufuza zambiri mwa izo zinachitika pa makompyuta osati pa makina a E Ink okha.

Ndani angapindule nawo

Makinawa amabweza ndalama zake kwa munthu wowerenga kwambiri m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, monga mphunzitsi kapena wophunzira wa pa Universidade Púnguè ndi Instituto Superior Politécnico de Tete. Komabe wophunzira za migodi kapena uinjiniya adziwe kuti mafayilo a PDF okhala ndi matebulo ndi mapu savuta kuona pakompyuta, koma amapanikizika pa sikirini ya mainchesi 6.

Kwa mwana wa ku pulayimale, amene boma limamupatsa mabuku aulere, ndi kwa wowerenga Chinyanja ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, buku la pepala ndilo likadali lodalirika. Amene akufuna kuyesa mabuku a pamakina angayambire pa foni yomwe ali nayo kale, n'kuona ngati mabuku omwe amafuna akupezekadi asanatulutse ndalama.