Chotupa cha m'nsagwada: mbiri ya kafukufuku amene anadutsa m'mbali mwa nyanja yathu

Mu Okutobala 1961 madokotala atatu ananyamuka mumzinda wa Kampala ku Uganda pa galimoto yakale ya Ford, atatenga zithunzi za ana otupa nsagwada. Wotsogolera ulendowo anali Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wa ku Ireland amene anali ndi diso limodzi. Anzake anali Ted Williams ndi Cliff Nelson, madokotala a mishoni. Kwa milungu 10 anayenda makilomita pafupifupi 16,000, analowa m'zipatala zoposa 50, ndipo paliponse ankatulutsa zithunzi zija n'kufunsa funso limodzi: kodi ana otere mumawaona kuno?

Dziko lathu, limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, linawapatsa yankho lomveka bwino. M'zipatala za m'mbali mwa nyanja ndi za m'zigwa zotentha, chotupacho chinali chodziwika. Kumtunda kozizira chinali chosowa. Ku Uganda matendawa ankalekeza pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500, koma kuno ankalekeza pa mamita pafupifupi 900. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, choncho Chintheche, Bandawe, Kande ndi Tukombo ali m'kati mwenimweni mwa dera limene Burkitt analemba pa mapu ake: kotentha, kwa mvula yambiri, kwa udzudzu chaka chonse.

Anthu a kuderali akudziwa kale kuti nyengo ya m'mbali mwa nyanja inasamutsapo anthu. Robert Laws anachoka ku Cape Maclear n'kudzakhazika mishoni ku Bandawe mu 1881 chifukwa malungo ankapha amishonale anzake. Ku Bandawe anawapezanso malungowo, ndipo manda akale a pamalopo ndi umboni. Mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe, kumene lero ndi Livingstonia. Laws anathawira kumtunda asakudziwa kuti malire a malungo amene iye ankadumpha ndi malire omwewo a khansa ina ya ana.

Burkitt anaona mwana woyamba wa chotupachi pa chipatala cha Mulago ku Kampala mu 1957, ndipo mu 1958 anafalitsa zimene anapeza. Poyamba ndi ochepa amene analabadira. Zinthu zinasintha mu Malichi 1961 pamene anakalankhula pa chipatala cha Middlesex ku London. Pakati pa omvera panali Anthony Epstein, amene ankafufuza tizilombo toyambitsa khansa mu nkhuku. Atamva zoti pali khansa yotsatira kutentha ndi mvula, anaganiza kuti pali kachilombo kamene kakuifalitsa. Anagwirizana kuti Burkitt azitumiza tizidutswa ta zotupa pa ndege kuchokera ku Kampala.

Kwa zaka zoposa ziwiri palibe chinatuluka. Apa ndi pamene m'nkhaniyi mukulowa munthu amene ambiri amangomva dzina lake osadziwa kuti anali mwana wa sukulu. Yvonne Barr, mtsikana wa ku Ireland, analowa mu labotale ya Epstein mu 1963 kudzachita digiri ya PhD. Ntchito yake inali yotopetsa ndi yosaoneka: kusamala maselo a chotupa m'timabotolo, kuwasinthira madzi a chakudya, kudikira, kuwaona akufa, n'kuyambiranso. Kumapeto kwa chaka chomwecho ndege ina yochokera ku Kampala inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga ndipo inakatera ku Manchester. Kachidutswa kanafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu ngati aonongeka. Epstein atayang'ana pa maikulosikopu anapeza kuti si kuola ayi, anali maselo amoyo amene anasunthika pa ulendo n'kumayandama. Iye ndi Barr anawalera choyandama chomwecho, ndipo anamera. Mu 1964 iwo pamodzi ndi Bert Achong anafalitsa mu magazini ya The Lancet kuti m'maselowo muli kachilombo katsopano. Lero kamatchedwa Epstein-Barr, ndipo ndi kachilombo koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu. Barr analandira PhD yake mu 1966, anasamukira ku Australia kumene anakaphunzitsa ku sekondale, ndipo anamwalira mu 2016.

Ndachedwa dala pa mayi ameneyu chifukwa ambiri mwa ife timaganiza kuti digiri ya kafukufuku ndi kuwerenga mabuku akuluakulu n'kulemba mayeso. Sizili choncho. Wophunzirayo amapatsidwa funso limene palibe akudziwa yankho lake, ngakhale womuyang'anira, ndipo amakhala nalo zaka zitatu kapena zinayi. Miyezi yambiri imapita popanda chooneka. Chimene chinamuyenereza Barr ndi manja osamala ndi mtima wosataya, moti tsiku la mwayi litafika iye anali wokonzeka.

Komabe kachilomboko sikanamalize nkhani. Zinadziwika kuti akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lapansi ali nako, ku Chintheche ngakhalenso ku London, ndipo ambiri sikawadwalitsa. Nanga bwanji chotupacho chinkasankha ana a m'mbali mwa nyanja? Yankho linabwerera kwa udzudzu. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, maselo ena a chitetezo cha m'thupi amachulukana mothamanga, pamene mphamvu yoletsa kachilombo ka Epstein-Barr imafooka. M'chipwirikiti chimenecho selo imodzi imalakwitsa: kachidutswa ka chromosome 8 kamaduka n'kukalumikizika ku chromosome 14, ndipo jini yotchedwa MYC, imene imauza selo kuti igawikane, siizimanso. Selo imeneyo imakhala ngati minibasi yoduka mabuleki pa mtsetse wochokera ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay. N'chifukwa chake chotupa cha Burkitt chimatha kukula kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri okha. Kafukufuku wa ana a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2008, anatsimikiza zimenezi kwathu konkuno: ana amene magazi awo ankasonyeza kwambiri zizindikiro za malungo ndi za kachilomboka pamodzi anali pa chiopsezo choposa kakhumi poyerekeza ndi anzawo.

Kuthamanga kwa chotupachi ndi kumenenso kumachigonjetsa, pakuti maselo ogawikana msanga amafa msanga ndi mankhwala. M'zaka za m'ma 1960 madokotala a ku Kampala ndi ku Nairobi anaona zotupa zikuphwa ndi mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide. M'mayiko olemera lero ana pafupifupi 9 mwa 10 amachira, koma mankhwala ake ndi amphamvu kwambiri, ofuna magazi ochuluka ndi chisamaliro chimene zipatala zathu zilibe. Ku Queen Elizabeth (Queens), Pulofesa Elizabeth Molyneux pamodzi ndi Peter Hesseling wa ku South Africa ndi anzawo anatha zaka akuyesa mlingo umene mwana wa kumudzi, wofika atawonda kale, angapirire. Anapeza njira ya masiku 28 yotsika mtengo imene inkapulumutsa pafupifupi theka la ana. Theka si lokwanira.

Chimene chimapha ambiri ndi kuchedwa. Kholo la ku Chintheche limayamba pa chipatala cha pafupi, kenako ku boma la Nkhata Bay, kenako ku Mzuzu, pamene mawodi akuluakulu a khansa ya ana ali ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300, ndi ku Blantyre. Ena amayamba aponda kwa sing'anga poganiza kuti mwana walodzedwa. Ena amathawa mankhwala ali pakati chifukwa ndalama ya ulendo yatha ndipo kumunda kwa chinangwa kulibe munthu. Mwana akatupa tsaya, mano akayamba kugwedera popanda chifukwa, diso likatong'oka kapena mimba ikakula m'masiku ochepa, sabata imeneyo ndi yopita ku chipatala.

Kwa nthawi yaitali ntchito yathu pa kafukufukuyu inali kupereka odwala ndi tizidutswa, mayankho n'kumalembedwa kunja. Sizikanatheka mwina, popeza sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, patatha zaka 30 Burkitt atadutsa. Kuyambira pamenepo zinthu zayenda. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linayamba ku Blantyre mu 1995 ndipo laphunzitsa Amalawi ambiri mpaka PhD. Mu 2011 pa chipatala cha Kamuzu Central anatsegula labotale yopima zotupa mothandizidwa ndi yunivesite ya North Carolina. Kale tizidutswa ta ku Lilongwe tinkadikira ku Blantyre. Dr Tamiwe Tomoka, mayi woyamba wa Chimalawi kukhala katswiri wopima zotupa, wakhala patsogolo pa kafukufuku wa khansa ku Lilongwe. Ku Queens ntchito ya khansa ya ana inapitirira m'manja mwa Dr George Chagaluka. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala yunivesite ya KUHeS, imene imapereka madigiri a masters ndi PhD, ndipo mu 2025 chipatala cha khansa cha dziko lonse chinatsegulidwa ku Lilongwe.

Mukaona mndandanda umenewu, muona kuti zonse zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Dera limene linaonetsa dziko lapansi mapu a matendawa lidakali kutali ndi malabotale. Komatu mafunso osayankhidwa ali m'mbali mwa nyanja momwemo. Nkhata Bay inali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, Malawi atakhala dziko loyamba kumupereka. Ana oyambirirawo tsopano afika msinkhu umene chotupa cha Burkitt chimakonda kugwira. Kodi katemerayo ndi masikito zichepetsa chotupachi? Likodzo, limene osambira ndi ochapa m'nyanja amalidziwa, limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Ndi angati akudwala m'midzi ya asodzi? Funso lililonse mwa amenewa ndi digiri yathunthu, ndipo wolifufuza bwino ndi munthu wolankhula Chitonga, amene agogo a mwana angamuuze mosabisa kumene anayamba kupita tsaya litatupa.

Ine ndikuona kuti vuto lalikulu si nzeru. Dera la Bandawe linatulutsa Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku Cape Town mu 1919, ndipo boma la Nkhata Bay ndi kwawo kwa Orton Chirwa. Vuto ndi loti pafupifupi ndalama zonse za kafukufuku wa khansa zimachokera kunja, ndipo wopereka ndalama ndiye amasankha funso. Bungwe la WHO likufuna kuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azichira, ndipo chotupa cha Burkitt chili pakati pa mitundu 6 imene linaika patsogolo. Sitifikako ngati boma lathu siliika ndalama zake pa ophunzira a masters ndi PhD, ndi kumanga labotale yokwanira ku Mzuzu.

Kwa inu muli ku sekondale za ku Bandawe ndi Chintheche, njira ilipo. Limbikirani biology, chemistry ndi masamu. Digiri yoyamba ingakhale ya udokotala ku KUHeS kapena ya sayansi ya mu labotale ku Mzuni. Mukamaliza funsirani ntchito yothandiza pa kafukufuku, chifukwa ndi kumene mumapeza wokuyang'anirani, ndipo thandizo la sukulu monga la Beit Trust ndi la Commonwealth limalandira Amalawi. Akadzakufunsani kumene mukufuna kukachita kafukufuku wanu, mudzatchule kwanu.